Khadi la Mankhwala Silinabwere

Kariya, 12 Novembala 1972

Amake Chiyo,

Muli bwanji kumeneko, iwe, amayi ndi mwanayo? Ine ndafika bwino, mutu ndi miyendo zonse zilipo. Chifuwa chako chija chili bwanji? Usandiyankhe kuti chili bwino, chifukwa pa siteshoni paja ndinakuona ukutembenukira kuchipupa kuti ukhosomole ine ndisaone. Zaka khumi ndi ziwiri tili limodzi, msana wako ndimauwerenga kuposa nyuzipepala.

Atiika m'nyumba ya kampani, anthu anayi chipinda chimodzi. Wogona pafupi nane ndi a Genzo, mlimi wa maapozi wa ku Aomori, amene akhala akubwera kuno nyengo yozizira iliyonse kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mkonono wawo ndi chigayo, koma ndi munthu wabwino. Mpunga wa kuno ndi wa anthu osadziwa mpunga. Ndimadya nditatsinzina, ndikuganiza za wathu.

Ntchito yanga ndi kudinda mahinjesi a zitseko za galimoto. Ndimaika chitsulo pa makina, ndikanikiza, hinjesi latuluka, ndaponya m'bokosi. Bokosi limodzi limalowa makumi anayi.

Koma pali chinthu china chimene ndikakuuza useka. Fakitale yonseyi ilibe nkhokwe. Bokosi lililonse lili ndi khadi lake, lalikulu ngati chikhatho, lokhala m'kathumba ka pulasitiki. Eni ake amalitcha kanban. Pakhadipo analemba dzina la chitsulo, kuchuluka kwake, kumene chikuchokera ndi kumene chikupita. Bokosi likafika kwa anzathu olumikiza zitsulo, akangotengamo hinjesi loyamba amachotsa khadilo n'kuliponya m'kabokosi ka pamzati. Ola lililonse pamadutsa munthu pa njinga kutolera makhadiwo, n'kudzawapachika pa bolodi ya pambali pa makina anga. Khadi limodzi, ndidinde bokosi limodzi. Bolodi ikakhala yopanda khadi ndiye kuti ndiime, ndizipukuta makina kapena kusesa.

Dzana ndinaima theka la ola, zitsulo zili mbwee pambali panga, makina ali bwinobwino, manja ali bwinobwino. Ndinapita kwa akapitawo athu, a Sugiura, munthu wamfupi wosakweza mawu. Ndinati, "Bwana, bwanji ndidindiretu za mawa?"

Iwo, ponditchula dzina la banja lathu mwaulemu, anati, "Obara-san, wakupemphani ndani?"

Ndinati palibe.

"Nanga mukufuna mumupatse ndani?" Anangotero n'kuchokapo.

Madzulo ndinauza a Genzo kuti anthu awa sanaonepo chipale chofewa chikutseka khomo miyezi inayi. Kwathu munthu wosasunga amadya zala. Iwo anaseka, amvekere, "Iwe mlimi, nzeru zakozo uzizisiya pa chipata m'mawa. Madzulo uzizipeza zili pomwepo, palibe angakubere."

Pangano lathu likhale lomwe lija. Ndikhala mpaka pa 30 Epulo. Womaliza nthawi yonse amapatsidwa ndalama yapamwamba, ndipo imeneyo ndi ya kathirakitala kolimira kaja tinakaona ku Yokote. Wochoka pakati, ngakhale atatsala ndi sabata imodzi, sapatsidwa kanthu. Ine ndimaliza. Sindikufuna kudzakuonanso utawerama m'matope ozizira aja tsiku lonse.

Matabwa a pamawindo mukhome chipale chisanayambe. Madaikoni, mizu yathu yoyera ya ndiwo ija, muwapachike pamwamba pa moto monga mwa masiku onse. Padenga usakwere wekha kukachotsa chipale, ndanena. Chiyo aziwerenga mokweza kuti agogo ake azimva.

Ndine mwamuna wako,
Sakuji


Kariya, 3 Disembala 1972

Amake Chiyo,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kupatula phewa limene limandikumbutsa kuti si ine mnyamata, koma n'zazing'ono.

Kalata yako ndalandira, ngati tingaitche kalata. Mizere inayi. "Tili bwino. Chipale chayamba. Amayi akudya bwino. Musadandaule." Ndaitembenuza kuseri, ndasuzumira m'envulopu, ndakutumula, palibe china. Sitampa inali yaikulu kuposa nkhani. A Genzo akuti ndinakwatira mkazi wa kutelegalamu. Za chifuwa sunatchule n'komwe.

Popeza sunena chimene ukusowa, ndangoganiza ndekha. Phukusi likubwera. Muli mpango wofiira, sopo wonunkhira, ndi manachesi, amene kuno ndi otchipa moti ana amaponyerana. Kumeta tsitsi ndiye akufuna mayeni mazana asanu ndi limodzi, ndiye a Genzo andimeta okha ndi sizasi ya maapozi. Ndi bwino kuti uli kutali, sukundiona.

Tsopano ndikuuze chinsinsi, usauze munthu. Nkhokwe ija ndamanga. Pansi pa tebulo langa pali malo amene munthu saonapo. Ndinatolera mabokosi a zipatso ku khitchini, ndipo bolodi ikakhala yopanda khadi, m'malo mosesa pamene ndasesa kale, ndimadinda mahinjesi angapo n'kuika m'menemo. Pamwamba ndaphimba chiguduli. Panopa adzaza mabokosi asanu ndi awiri, onse opanda khadi.

Lachinayi m'mimba munandivuta, ndinapita kuchimbudzi kanayi, makhadi n'kuunjikana pa bolodi mpaka pa mzere wofiira umene umaitana akapitawo. Ndinangowerama, kutapa m'nkhokwe yanga, kudzaza mabokosi, bolodi n'kuyera. A Sugiura podutsa anayang'ana bolodi, anayang'ana ine, n'kupitirira. Mtima wanga unasangalala zedi. Ndinati ophunzira inu, bwerani kuno mlimi akuphunzitseni.

A Genzo anandipeza ndikuphimba chiguduli. Anati, "Ine maso anga ndi okalamba, sindinaone kanthu. Koma tsiku lodzaona ena, usadzanene kuti timagona chipinda chimodzi."

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza dzulo. Udye nayo, iwe. Ndikukudziwa, uikanso yonse m'chitini cha tiyi chija. Kathirakitala kadzagulidwa ndi ndalama yomalizira, osati ndi njala yako. Uwauze amayi kuti maondo aziwafunditsa.

Wako,
Sakuji


Kariya, 21 Disembala 1972

Kinu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, koma nkhope ndilibe. Ndakhala masiku atatu ndikuyamba kalatayi n'kuing'amba.

Nkhokwe ija yandigwetsa. Sabata yatha ndinaona kuti mahinjesi ena akutuluka bowo lake litapendekera pang'ono. Lamulo ndi lakuti ukaona zotere uimitse makina, uitane akapitawo. Ine ndinati ndiwavutitsirenji anthu pa kanthu kakang'ono, ndili ndi abwino pansi pa tebulo. Ndiye okayikitsawo ndinkaponya m'nkhokwe kuti ndidzawaone bwino tsiku lina, n'kumadzaza mabokosi ndi abwino aja. Masiku anayi ndinachita zimenezo. Abwino atayamba kutha, anasakanikirana ndi oipa, ndipo opanda khadi sungadziwe kuti ili linadindidwa liti. Oipawo anapita mpaka ku fakitale yaikulu yopanga galimoto. Zitseko zinakana kutseka. Anthu mazanamazana anaima mphindi makumi awiri ndi zisanu chifukwa cha mwamuna wako.

A Sugiura sanafunse aliyense. Anabwera molunjika pa tebulo langa n'kuvundukula chiguduli. Kenako ndinamva kuti ankadziwa kuyambira Lachinayi lija, chifukwa munthu wotsegula m'mimba sangayeretse bolodi. Anandiuza kuti nditulutse mabokosi onse ndiwaike pakati pa njira. Anajambula bwalo ndi choko pansi n'kunena kuti ndiime m'menemo ndizingoyang'ana. Ndinaima mpaka nkhomaliro, anthu akudutsa. Bola akanandimenya.

Belu litalira anabwera. Anati, "Kwanu mumalima mpunga?"

"Inde, bwana."

"Munda ukadzaza madzi, dzenje la mfuko limene likuba madziwo mumaliona?"

"Ayi."

"Mumaliona liti?"

"Madzi akachepa."

Analoza mabokosi aja. "Madzi anu ndi awa. Chikombole cha makina chinang'aluka masiku anayi apitawo. Chikanalira tsiku lomwelo, ine n'kuchisintha pa theka la ola, koma inu munachitseka pakamwa. Munabisa chifukwa simunafune kundivutitsa?"

Ndinati inde.

"Ndiye onani mmene mwandivutitsira."

Sanandichotse ntchito. Anauza a ku ofesi kuti munthu amene waima m'bwalo ndi wodula kuposa watsopano. Koma ndikalakwanso kamodzi, ndalama yomalizira yapita. Ndikuuza zonsezi kuti usadzazimve kwa wina.

Tsiku lomwelo ndinapeza kalata yako ina, mizere inayinso. Koma kuseri kwake Chiyo analemba ndi pensulo kuti nsapato zake za chipale zinang'ambika kalekale, iwe unati asandiuze, ndipo mpango wofiira waupinda n'kuuika m'bokosi losokera pamodzi ndi iwiri imene ndinakugulira kale. Usamukalipire mwanayo. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Kuntchito ndikudinda zimene sanandipemphe, kunyumba ndikutumiza zimene sanandipemphe, mwana akuyenda mapazi ali m'madzi.

Iwe kupempha sumatha, ndikudziwa. Unakulira kwa amalume ako kumene kupempha kunali mlandu. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna, Kinu. Ndiye ndakupangira njira. M'envulopumu muli makhadi a ku positi asanu ndi limodzi, masitampa ndamata, keyala yanga ndalemba. Lililonse lili ndi dzina lake: PALAFINI, MANKHWALA A CHIFUWA, MANKHWALA A AMAYI, SHUGA NDI MAFUTA, ZA CHIYO, DENGA. La palafini ulimangirire pa chigubu chachiwiri kuchokera kumapeto, chifukwa positi imatenga masiku. La mankhwala ulimange ndi mphira pa botolo lomaliza. La denga likhale pa msomali wa pamzati, chipale chikafika pa mzere uja ndinajambula ulitumize, kuti papezeke munthu wodzachichotsa padengapo. Ukafika pa khadi, mpatse Chiyo akaponye popita kusukulu. Usalembepo kanthu. Iwe sukupempha, likupempha ndi khadi.

Likandipeza, ndalama ndizitumiza kwa a Iwaya a sitolo, osati kwa iwe ndi chitini chako. Iwo azibweretsa katunduyo pakhomo pamodzi ndi khadi lake, ulimangirirenso.

Pa Chaka Chatsopano sindibwera. Sitima yadula, komanso pambuyo pa zimenezi sindingapemphe kanthu. Zikundiwawa.

Sakuji


Kariya, 14 Januwale 1973

Amake Chiyo,

Chaka chabwino kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Chiyo. Ine ndili bwino. Ukaona zilembo zapendama, ndi cholembera.

Makhadi akubwera! Loyamba linali la ZA CHIYO, mawa lake la PALAFINI. Nditaliona m'kabokosi ka makalata ndinathamanga nalo kuchipinda ngati mwana wakhoza mayeso. A Genzo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mkazi wako wakutumizira mawu amodzi, olemba wekha, ndipo ukuvina. Wanga amalemba masamba anayi ndipo ndimamwa mankhwala a mutu." Ndinawauza kuti zaka khumi ndi ziwiri aka n'koyamba kuti mkazi wanga andiuze kuti chinthu chatha.

Pa nkhomaliro ndinali nalo m'thumba la malaya, ndipo a Sugiura analiona. Anaganiza kuti ndabisa khadi la kampani, umene ndi mlandu waukulu kuno, chifukwa khadi likagona m'thumba la munthu wina amasowa zitsulo. Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa n'kufotokoza. Analiyang'ana kutsogolo, analiyang'ana kuseri, nkhope ili gwa. Kenako anati, "Kuchuluka simunalembe. Palafini wa dziko lonse?" Anatulutsa pensulo n'kulemba pakona kuti zigubu ziwiri. "Tsopano ndi khadi." Ndiye ukaona zilembo zachilendo pamenepo, ndi za akapitawo. Enawo ndizilemba ndekha akamabwera. Khadi lopanda kuchuluka si khadi, watero mwini wake.

La mankhwala a chifuwa linafika pa 5, ndipo a Iwaya ayenera kuti abweretsa kale mabotolo awiri. Botolo limodzi ndi la masiku khumi ukamamwa monga ananenera adokotala, ndiye ndiziliyembekezera chakumapeto kwa mwezi. Uzimwa, usamangonyambita.

Chaka Chatsopano tinadya makeke a mpunga a m'sitolo, olimba ngati chidendene. Ndinakumbuka mmene umandikalipira ndikamasinja, kuti ndikuphwanya zala. Tinapita kukachisi wa pafupi, ndinaponya kandalama n'kupempha zinthu ziwiri. Chimodzi ndi kathirakitala. Chinacho ukuchidziwa.

Pa makina ndasintha. Bolodi ikayera ndimasesa, ndipo pansi pa tebulo langa ukhoza kudyerapo. Ndimaonabe ngati ulesi, koma ndayamba kuzolowera. Nsapato za Chiyo zamukwana? Ndinawauza a Iwaya kuti zikhale zokulirapo.

Wako wa masiku onse,
Sakuji


Kariya, 11 Febuluwale 1973

Kinu,

Moni kwa nonse. Wandigwira. Unafunsa kuti, "Cholembera chanucho chikupwetekabe?" Chabwino, ndivomere. Makina anandipana chala chamkombaphala cha kumanja, chikhadabo chinachoka, fupa lili bwino. Chapola tsopano. Sindinafune kukuvutitsa. Eya, ndamva, usanene. M'nyumba mwathu mbewa zamanyazi zilimo ziwiri.

Chifukwa cha chalacho andichotsa pa makina, tsopano wotolera makhadi pa njinga ndine. Ntchitoyi ndaikonda. Ndimazungulira fakitale yonse ola lililonse, ndipo ndayamba kuwamva makhadi mmene umamvera nkhuku zako. Ndikapeza ambiri pa mzati umodzi ndimadziwa kuti pamenepo pali chikuwavuta, mwina akutaya zitsulo. Ndikapeza ochepa ndimadziwa kuti wina wajomba. Munthu sanandiuze kanthu, koma ndadziwa.

Ndiye pali zimene ndikufuna kukufunsa, ndipo usakwiye. La denga labwera kawiri, ndi bwino, chaka chino chipale chachuluka. La shuga labwera, la amayi labwera. La palafini labwera katatu m'masabata atatu. Iwe Kinu amene umazimitsa mbaula dzuwa likangotuluka, n'kumati munthu wogwira ntchito sazizidwa, palafini akupita kuti? Ndani akukhala m'nyumba usana wonse?

La mankhwala a chifuwa silinabwerenso. Mwina wachira, ndipo ngati ndi choncho ndipita kukachisi kuja ndikaponye yaikulu. Mwina khadilo linagwera kuseri kwa kabati. Tayang'anako.

Kalata yomalizayi yalembedwa ndi Chiyo. Akulemba bwino mwanayu, koma akuti amayi manja azizira. Manja ako azizira ndi mbaula yoyaka usana wonse?

Ndaika chithunzi cha kathirakitala chimene ndadula m'nyuzipepala. Upachike pamene uzichiona. Kwatsala masabata khumi ndi imodzi basi. A Genzo akuti ndikadzakagula ndidzawatumizire chithunzi iwe uli pachiwongolero, ine ndikuthamanga pambuyo.

Undiyankhe ndi dzanja lako, ngakhale mizere inayi ija. Ndayamba kuisowa.

Sakuji


Kariya, 6 Malichi 1973

Kinu wanga,

Moni. Ine ndili bwino. Za iwe sindifunsanso pa pepala.

Yankho lako ndinalandira, la dzanja lako, mizere itatu. Ukuti uli bwino, ndimalize ntchito. Zilembo zako zapendama kuposa zanga zija.

Ndikuuze zimene zachitika dzulo. Pali mzati wina umene khadi la timabawuti ting'onoting'ono limatuluka kawiri pa tsiku. Masiku awiri silinatuluke. Ndinauza a Sugiura mongodutsa kuti mwina kumeneko ali nato tambiri.

Anati, "Mwaona ndi maso?"

Ndinati ayi.

"Tsikani panjingapo."

Tinayenda wapansi mpaka pamalopo. Pamagwira mayi wina watsopano, wa msinkhu wako. Bokosi lake linali lopanda kanthu. Kunapezeka kuti analigwetsa, timabawuti n'kumwazikira pansi pa makina, ndipo poopa kuti khadi likatuluka msanga adziwika, analiika m'thumba la epuloni. Masiku awiri ankatola ta pansi ndi kubwereka kwa mnzake, uku akumwetulira aliyense wodutsa. A Sugiura sanamukalipire. Anangotambasula dzanja, iye n'kutulutsa khadilo akulira.

Pobwerera anandiuza kuti, "Obara-san, khadi lobwera limakuuzani chimene chatha. Losabwera limakuuzani kuti munthu akuopa. Limenelo musamalidikire pa bolodi."

Pomwepo ndinawafunsa ngati ndingalankhule za kunyumba. Ndinawauza za palafini, za dzanja la Chiyo, za mabotolo awiri a masiku makumi awiri.

Anati, "Linabwera komaliza liti?"

"Pa 5 Januwale."

"Miyezi iwiri. Nanga mukutani pano?"

Ku ofesi anandiwerengera lamulo kawiri, kuti mwina sindinamve. Wochoka pakati sapatsidwa. Mlembi anati, "Masabata asanu ndi atatu okha, bambo. Bwanji muimbe lamya ku sitolo ya kwanu akakuonereni?" Ndinati kandimverere anakanena za m'maluwa. A Iwaya akafika pakhomo uwalandira utavala bwino, uwapatsa tiyi, iwo n'kundiuza kuti uli bwino.

Ukwiya, ndikudziwa. Unena kuti miyezi inayi yapita pachabe, kuti wachira kale, kuti ndine wopupuluma. Ngati ndikupeza ukusenda madaikoni uli wathanzi, undiseke mpaka tidzakalambe, ndidzavomera. Kathirakitala ndinkakafunira msana wako. Popanda iwe n'chitsulo chabe.

Zofunda atumiza a Genzo. Ndikwera sitima mawa, mwina ndifika kalatayi isanafike.

Sakuji


Kunyumba, 2 Epulo 1973

Amake Chiyo,

Wadzuka bwanji kuchipatalako? Kuno tili bwino, ndipo ine ndikanena kuti tili bwino ndimatanthauza zimenezo. Amayi akudya, maondo ndi omwe aja. Chiyo akuti mpunga wophika ine ndi wa anthu osadziwa mpunga.

Tsopano zasinthana, iwe ndiwe uli kutali, ine ndikulemba ndili pa tebulo lako. Ndikaona malo a pafupi ndi mbaula pamene ndinakupeza utagona, mtima umandipwetekabe. Unali utatha, Kinu. Ndipo mawu ako oyamba sanali moni. Unati, "Nanga kathirakitala?" Ndinakunyamula kukuika pa chileyi ukundikalipirabe mpaka pokwerera basi. Loweruka adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti madzi a m'mapapo akuchepa, miyezi itatu udzatuluka. Anatinso tikanachedwa masabata awiri, bwenzi tikukamba zina. Ndakuuza kuti usadzatchulenso za masabata asanu ndi atatu aja.

Amayi andiululira zonse. Akuti botolo linayamba kumatha pa masiku atatu okha, ndipo iwe unati khadi likamapita pafupipafupi bambo ake a Chiyo adziwa, asiya ntchito. Ndiye unalibisa. Unaiwala kuti unakwatiwa ndi wotolera makhadi.

A Sugiura atumiza kaphukusi. Muli timatumba ta pulasitiki tovekera makhadi athu kuti asamanyowe, ndi kapepala ka mizere iwiri. Akuti Novembala malo alipo, koma nkhokwe ndisabwere nayo. Za Novembala tidzakambirana ukadzatuluka. Za kumunda usaganize. Chipale chasungunuka, mbewu ndanyika. Mchimwene wa a Iwaya andibwereka kathirakitala kake masiku awiri, ine ndidzamugwirira ntchito masiku asanu. Kathu kadzabwera chaka china.

Dzulo ndinkafuna singano yosokera thumba la Chiyo, ndiye ndinatsegula bokosi lako losokera. Pansi pa mipango itatu ija ndinapeza khadi la mankhwala. Limenelo ndinkaliyembekezera. Koma panali lina limene sindinapange ine. Unalidula pa katoni ya manachesi, m'mbali mwake mowongoka bwino, sitampa unamata, keyala ya ku Kariya unalemba. Kutsogolo kwake, ndi zilembo zazikulu, BAMBO AKE A CHIYO. Pakona unalemba kuchuluka, monga ananenera akapitawo. Makona ake apindika, zikuoneka kuti linayenda m'thumba la epuloni masiku ambiri.

Ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali. Amayi anafunsa ngati singano yandibaya, ndinati inde.

Lamulo ndi lakuti khadi lizibwerera kwa mwini wake pamodzi ndi katundu. Katundu anafika mochedwa, khadi ndi ili, ndaliveka kathumba. Keyala ndafufuta, ndalemba ya kuno. Likhale pansi pa pilo. Tsiku lililonse limene ungafune, mpatse namwino aponye, basi ya m'mawa imatenga ola limodzi lokha. Usadikire Loweruka.

M'envulopumu muli linanso, la ine. Lero m'mawa ndinazungulira nyumba yonse monga ndinkachitira pa njinga, kuona chimene chatha. Palafini alipo, shuga alipo, mankhwala a amayi alipo, denga lili bwino. Chatha ndi chimodzi, ndipo kwa a Iwaya kulibe. Dzina ndalembapo lako, kuchuluka mmodzi. Usafulumire nalo, umwe mankhwala, udye zonse zimene akukupatsa. Adokotala akadzalola, udzabwere nalo wekha m'manja.

Malo ofikira ndalemba m'munsi mwake, ngakhale ukuwadziwa.

Mwamuna wako,
Sakuji